Nkhope Yanga pa Msewu wa ku Trimbak

Nashik,
14 Okutobala 2012

Amake Manjiri,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, inu, amayi ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino. Msana wokha ndiwo ukung'ung'udza, koma unayamba kung'ung'udza ndili komweko, ndiye musautengere kumtima.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya pakhomopo mukuidziwa. Amayi amaimangirira kunsonga ya nsalu, ndipo ikalira amaikweza mawu mpaka mapeto poti makutu anawathawa. Chimene ndanong'ona ine kuno chimakamveka kuchitsime. Choncho iwe Manjiri, poti maso a sukulu ali ndi iwe, uziwawerengera mayi ako makalatawa muli awiri kuseri kwa khola. Pena ndizilemba za akuluakulu. Ukafika pamenepo uziwerenga ndi pakamwa pokha, makutu utseke.

Mnzanga Gulab sananame, ntchito ilipo. Tikudulira mphesa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuno madzi a m'damu amafika pa tsinde lililonse ndi kapaipi kakekake, pamene inu kumeneko mukudikira galimoto ya madzi ndi mitsuko pamzere. Tsiku loyamba ndinaima m'mundamo n'kuchitira nsanje mtengo. Ndimagona chipinda chimodzi ndi Gulab yemweyo. Amaliza mkonono, koma mikate ya mapira amaidziwa kuphika, ndiye ndinamukhululukira.

Ndatumiza marupi zikwi zitatu kudzera kwa kondakitala wa basi ya Lachisanu. Gulani chakudya cha ng'ombe, zotsala mukonzetse magalasi a amayi. Tonde wanga wakuda uja asagone ndi njala. Muzimupatsa madeya, ndipo mlongo wanu akabwera ndi maso ake aatali aja, mumuuze kuti mbuziyo ili ndi mwini. Ndidzaidya ndikadzabwera mu Malichi, ndi msuzi wakuda wa tsabola umene mumaudziwa inu nokha. Gulab akayamba mkonono wake ine ndimaganiza za msuziwo, tulo n'kubwera.

Tsopano za akuluakulu. Mwati anthu a ku Sawargaon anabwera kudzamuona mwana pa nkhani ya ukwati, ndipo anamwa tiyi mpaka kupempha wina. Mnyamatayo, Onkar, sindinamuonepo, koma ngati amagwiradi ntchito kolandirira mkaka ndiye ndi bwino. Bambo ake ndiye ndani sawadziwa? A Haribhau Shelke, otsogolera gulu la oyenda maulendo a Mulungu, mikanda ya kamtengo kopatulika ka tulasi m'khosi kuyambira ali mnyamata. Nyama sadya, mowa sauyandikira, ndipo ndinamva kuti anathetsa ukwati wa mphwawo chifukwa malume ake a mkaziyo ankagulitsa kachasu. Akafunsa za ntchito yanga muwauze kuti ndimalima mphesa. Si bodza. Kumene mphesayo imapita ikachoka m'manja mwanga, ine sindiiperekeza.

Ndine wanu,
Sopan

Nashik,
18 Novembala 2012

Amake Manjiri,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha amayi chaphwa. Ine ndili bwino, msana nawo watonthola chifukwa ndakwezedwa pa ntchito. Koma musathamangire kugawa shuga kwa anansi, muyambe mwamva.

Pamwamba pa kaphiri m'mundamu pali nyumba yamagalasi kumene alendo a ku Mumbai ndi ku Pune amabwera kudzalawa. Chabwino, poti tili kuseri kwa khola ndinene: amalawa vinyo. Woyang'anira ndi Madamu Dastur, mayi wamfupi amene sadziwa kuyenda, amangothamanga. Anandiona ndikusamba m'manja ndi kumapazi ndisanadye nkhomaliro, ndiye anati akufuna munthu waukhondo wa ndevu za pamlomo zooneka bwino. Ndevu zimene inu mumati n'tsache zija zandipezera ntchito. Anandipatsa malaya oyera, nduwira yofiira ndi kandowa konyezimira.

Wothira vinyo ndi Tanmay, mnyamata wophunzira ku Pune. Amathira m'tambula tochepa toti mphaka sanganyowetse nato lilime. Alendo amakweza tambula kudzuwa ngati akufunamo ntchentche, amaizunguza, kenako amalowetsamo mphuno yonse. Tanmay amafunsa ngati akumva fungo la mwala wonyowa, onse amavomera. Amafunsa za chikopa chakale ndi utsi, amavomeranso. Ine ndinanunkhiza botolo lotsala, ndinamva mphesa yowola basi. Bambo wina wa unyolo wagolide anatsinzina n'kunena kuti akumva mvula yoyamba pa dothi louma. Ndinafuna kumufunsa kumene anaiona mvulayo kuti tiwauze akwathu.

Akatha kununkhiza amamwa, amachukucha m'kamwa, n'kulavula. Musaseke, ndi zoona. Munthu walipira ndalama yoposa ya tsiku langa lonse kuti alavule. Ndiye udindo wanga uli pamenepo. Ndimayenda kumbuyo kwawo ndi kandowa kaja, munthu akangotupa masaya ine ndafika. Madamu akuti ndili ndi mphatso, ndimafika tsaya lisanatupe. Zaka zonsezi ndakhala ndikulima thonje osadziwa mphatso yanga.

Ine sindinalawe ngakhale dontho, mukhoza kulumbira m'malo mwanga.

Mwati a Haribhau anakondwa kumva za mphesa ndipo akufuna ndidzawatengere dengu. Ndidzawatengera ndithu. Ndalama ndatumiza zikwi zinayi, muyambe kusunga pang'ono za nsalu za ukwati, koma osauza munthu. Tonde muzimugwira pamsana sabata iliyonse, muzindiuza mmene akukhalira.

Iwe Manjiri, mayi ako akuti masiku ano mkaka ukukapereka wekha mpaka ku Sawargaon, kusiya polandirira pa m'mudzi mwathu pomwe. Akutinso umachita kupesa tsitsi kawiri. Sindikufunsa kanthu, ndangolemba.

Ndine wanu,
Sopan

Nashik,
16 Disembala 2012

Amake Manjiri,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine tsopano ndili bwino.

Lolemba lapitali Madamu anatseka nyumba yamagalasi. Anati wantchito wake ayenera kudziwanso vinyo wa anansi, ndiye anatikweza m'kabasi, ine, Gulab, Tanmay ndi ena atatu, kukazungulira opanga vinyo a m'dera lino. Ine ndinanyamuka ndi mtima woyera. Ndinati ndikanunkhiza n'kulavula ngati anthu a ku Mumbai.

Koyamba kunali m'mbali mwa damu, kwa mkulu wina amene kale ankalima anyezi. Anatilandira yekha pakhomo, ndipo poti ine ndinali wamkulu pagulupo anayambira kwa ine. Anandipatsa tambula ndi manja awiri, n'kuima akundiyang'ana kumaso kudikira ndimuuze. Ndowa inali patebulo, pakati pa iye ndi ine. Amake Manjiri, inu mumandidziwa. Munthu wakupatsa chinthu ndi manja awiri m'nyumba mwake, chinthu chimene wachivutikira chaka chathunthu, iwe uchilavule iye akuona? Amayi anandilera ndi mthiko pa nkhani yotaya chakudya. Ndinameza.

Woyera anali wowawasa ngati bwemba. Wofiira anandimanga lilime, ndinaganiza kuti sindidzalankhulanso. Mkuluyo ataona kuti ndameza anakondwa, nati munthu wodziwa vinyo ndi uyu, n'kutulutsa botolo lina limene sapatsa alendo wamba. Tanmay anandikoka malaya.

“Amalume, lavulani, malo atsala atatu.”

“Mwana iwe, kwanu anakulera ndani?”

Gulab nayenso sankalavula, koma iye zifukwa zake si za ulemu.

Kwachiwiri anatitsitsira m'chipinda cha pansi pa nthaka, chozizira, chodzaza migolo yamatabwa yochokera kunja. Kumeneko wothira anali mayi wachikulire, ndiye mukuona nokha kuti sindikanachitira mwina. Anali ndi vinyo wina wotsekemera wonga uchi. Ameneyo ndiye mdani, amabwera akuseka. Kwachitatu kunali wa thovu wokwera m'mphuno, ndipo kumeneko ndi kumene mphuno yanga inatseguka. Mwala wonyowa uja ndinaumva. Ndinamvanso zina zimene Tanmay sanaziphunzire ku Pune. Ndinawauza kuti wofiira wawo akununkha khola lathu mvula itangokata, ndipo mwini wake anandigwira chanza.

Pomaliza tinalowa m'tauni, m'nyumba ina imene amafulula mowa wawowawo m'matanki amkuwa. Anatiikira timatambula pathabwa, wina wa tirigu wotuwa, wina wakuda wowawa ngati khofi wopanda shuga, wina wonunkhira malalanje. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndowa panalibe. Tanmay anati mowa wamtunduwu salavula. Ndinati tsopano tafika kwa anthu oleredwa bwino.

Njira yobwerera sindikuikumbuka bwinobwino. Ndinadzuka Lachiwiri nsapato imodzi palibe, miyendo yafiirira mpaka m'mawondo, ndipo sopo wakanika. Ophika akandiona akuseka, mlonda wa pageti akundichitira sawasha. Gulab akuti adzandifotokozera ndikapeza mphamvu.

Ndalama zachepa mwezi uno chifukwa cha nsapato. Za ulendowu zisachoke kuseri kwa khola. Manjiri, kalata yonseyi inali ya akuluakulu, ndinaiwala kunena poyamba.

Ndine wanu,
Sopan

Nashik,
6 Januwale 2013

Amake Manjiri,

Moni nonse. Thupi lili bwino, koma mutu waima.

Gulab sanafunikenso kufotokoza. Ndinadzionera ndekha popita kumsika.

Zikuoneka kuti tsiku lija titabwerera tinapeza wojambula wa ku Mumbai ali pabwalo ndi anyamata ndi atsikana okongola. Ankafuna chithunzi cha anthu akuponda mphesa m'chimgolo chamatabwa. Mphesa anachita kugula kumsika poti zathu zinali zisanapse. Anawo ankaopa kudetsa zovala, ankangoponda ngati akuyenda pa minga. Akuti ine ndinawakankha, n'kunena kuti ndiwaonetse mmene timapondera dothi la njerwa kwathu. Ndinakwinya nsalu m'chiuno, ndinalowa, ndinavina. Akuti ndinkaimba nyimbo za Mulungu, za paulendo zomwe zija.

Tsopano pokhotera kuno, pa msewu waukulu wa ku Trimbak, aimika chikwangwani chachikulu kuposa khoma la nyumba yathu. Pali ine. Nduwira yapendekeka, tambula ili m'mwamba, mwendo umodzi uli m'mwamba, kukamwa kuli yasa mpaka dzino loguluka lija likuoneka malo ake. Pansi alemba m'Chingerezi ndi m'chinenero chathu chomwe kuti, bwerani mudzasangalale ngati Sopan. Akulu amati ukayenda uzisiya phazi, osati mlomo. Ine ndasiya zonse ziwiri pamwamba pa msewu, ndi dzina lomwe.

Ndiye inu mukulemba kuti a Haribhau ndi gulu lawo anyamuka wapansi kupita kukachisi wa ku Trimbak kumapeto kwa mwezi uno, monga amachitira chaka chilichonse. Amake Manjiri, msewu wa ku Trimbak ndi umodzi.

Ndinapita kwa Madamu. Ndisanamalize kulankhula anaganiza kuti ndikufuna ndalama, n'kundiwonjezera malipiro. Nditafotokoza bwino chifundo chinawagwira ndithu, koma anati malowo analipira mpaka kumapeto kwa Malichi ndipo eni munda sangalole. Anati akhoza kuwalembera a Haribhau kalata ya Chingerezi yofotokoza kuti vinyo si kachasu. Ndinathokoza n'kutuluka.

Chikwangwanicho chabweretsanso ntchito ina. Alendo onse tsopano akufuna kuponda mphesa ngati Sopan, ndipo asanalowe m'mgolo ayenera kusamba mapazi. Ndiye m'mawa uliwonse mpaka nkhomaliro ndimagwada pansi pa mtengo wa mango wa pageti, pali benchi lalitali, ndi beseni, madzi ofunda, mchere ndi thaulo. Aliyense wokhala pabenchipo ndimamusambitsa, sindiyang'ana nkhope. Mapazi a anthu olemera ndi ofewa ngati mtanda wa ufa, ena amaseka ndikawagwira. Mphesa zopondedwazo sizilowa m'botolo, amakataya kudzala. Masana ndimabwerera ku kandowa kanga.

Ndalama zowonjezerazo ndatumiza zonse, sindikufuna kuziona. Tonde akudya?

Ndine wanu,
Sopan

Nashik,
20 Januwale 2013

Amake Manjiri,

Moni. Amayi muwauze kuti ndili bwino ndipo ndikunenepa. Kwa inu ndinene zoona, nsalu ikumasuka m'chiuno.

Ndayesa zimene ndikanatha. Poyamba ndinameta ndevu kuti ndisafanane ndi munthu wa pachikwangwani. Ndinatuluka kometako ngati mbatata yosenda, koma ana a pamsewu anandizindikirabe, ankakweza mwendo umodzi ndikamadutsa. Madamu atandiona anagwira mutu. Mawa lake anabwera ndi ndevu zomata za anthu a zisudzo. Tsopano ndimagwira ntchito ndi ndevu za eni, ndipo dzana mbali imodzi inagwera m'beseni mlendo akuona.

Kenako Gulab anati iye ali ndi nzeru. Anabwereka makwerero ndi chitini cha penti wakuda kuti akafute nkhope. Makwerero anali aafupi, anangofika kumapazi. Poti anali atakwera kale anati asatsike chabe, anapaka pomwe anafikapo. Tsopano munthu wa pachikwangwani akuponda mphesa atavala nsapato zakuda. Eni munda akufufuza amene anachita, ndipo Gulab akuyenda manja ali m'thumba.

Ndaganizapo zosiya ntchito n'kubwerera. Koma chikwangwani sichinganditsatire kutsika, ndipo ng'ombe zidya chiyani mpaka mvula? Mwina gululo lidzadutsa likuimba, maso ali pansi. Anthu opemphera sayenera kuyang'ana zikwangwani. Ndimadziuza zimenezi m'mawa, pofika masana ndasiya kuzikhulupirira.

Mwati mwana sakudya, akungotosa mkate n'kuusiya. Mawuwo ndi anu, koma dzanja lolemba ndi lake, ndipo ndinaona mmene zilembo zinapindikira pamenepo. Manjiri, apa makutu usatseke. Ndakulakwira, mwana wanga. Ndinabwera kuno kuti ndikukonzere ukwati, ndipo ndi ine ndemwe ndaupachika pamsewu. Ndikagwada pa beseni ndimaganiza za iwe, ndipo mtima umandiwawa kuposa mmene ndingalembere. Choipa chitsata mwini, koma ichi chalumpha mwini n'kugwera mwana.

Mwati mlongo wanu watchula mtengo wa tonde. Mumuuze kuti mavuto anga sanafike pamenepo.

Ndine wanu,
Sopan

Nashik,
3 Febuluwale 2013

Amake Manjiri,

Moni. Tili moyo.

Adutsa dzulo. Ine ndinalibe mtima wokaona, ndinatuma Gulab. Akuti ankabwera akuimba, mbendera zili m'mwamba, ndipo atafika pokhotera nyimbo inayamba kuzima kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. A Haribhau anatulutsa magalasi m'thumba, anawapukuta, anavala. Anaima nthawi yaitali. Kenako anafunsa wogulitsa tiyi njira yobwera kuno, nati akamaliza za kukachisi adzapatuka pobwerera.

Nsalu za ukwati musagule kaye.

Sopan

Nashik,
10 Febuluwale 2013

Amake Manjiri,

Moni inu, amayi ndi mwana. Ine ndili bwino. Khalani pansi, kalatayi ndi yaitali.

Anabwera Lachisanu m'mawa. Ndinali nditagwada pa beseni ndikupukuta mapazi a mayi wina wa zikhadabo zopaka utoto, nditamva anthu ambiri akulowa pageti mopanda phokoso. Analipo ngati makumi awiri, amuna a zisoti zoyera, amayi atasenza miphika yodzalamo tulasi, tizitsulo tawo toimbira tili lende m'khosi. Mthunzi wa a Haribhau unaima patsogolo panga.

“Ndinu a Sopan Thombre?”

“Ndine, bambo.”

“Mphesa munkalima zija ndi zimenezi?”

Sabata yonse ndinali ndikukonza mawu. Gulab ankakhala a Haribhau, ine n'kumayankha, mpaka ndinawaloweza. Nthawi itakwana onse anathawa. Ndinangoti zyoli, ndipo munthu wogwada akazyolika amaona mapazi. Amake Manjiri, mapazi amenewo ndikanakonda mukanawaona. Zikang'a zakuya zotuluka magazi, chala chimodzi chopanda chikhadabo, pansi pake popsa ndi phula la msewu. Munthu wamkulu ngati ameneyo, masabata awiri wapansi. Mantha anachoka, ndinangomva chisoni. Ndinawaitana ndi dzina limene iwo amaitanirana paulendo.

“Mauli, khalani pabenchipa. Mukalipe mutakhala.”

Kaya ndi kudabwa kaya ndi kutopa, anakhala. Ndinasintha madzi, ndinathira mchere. Iwo anakweza chala nayamba kuti munthu amene amanamiza anzake pa nkhani ya ukwati, koma phazi litalowa m'madzi ofunda mawuwo anathera mu mpweya wautali. Ndinachotsa minga iwiri. Ndinatumiza Gulab kukatenga mafuta a kokonati kukhitchini. Chala chinali chikadali m'mwamba, koma maso anali atatsinzina.

Pamenepo mayi wina wokalamba wopanda mano anatula mphika wake n'kuwagunda ndi chigongono. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi mlongo wawo wamkulu.

“Sendera uko, Haribhau. Wayenda ndi iwe wekha?”

Basi, gulu lonse linakhala, ena pabenchi ena pa udzu kudikira malo. Madamu anatulukira akuthamanga, anaima, anayang'ana mzere wa mapaziwo, n'kutembenuka kukalamula kuti khitchini itenthetse madzi ndi kuphika tiyi. Tanmay wa ku Pune ananyamula maketulo. Alendo a ku Mumbai ankajambula, ankaganiza kuti zili m'gulu la zimene analipira.

Ine sindinadzutse mutu. Phazi likachoka linkabwera lina, ndevu zomata zinagwa sindinazitole. Omaliza kumapeto kwa benchi anali mapazi a mnyamata. Ndinawaika m'beseni, ndinathira madzi kuchokera m'jagi. Madzi asanathe kutsika, mayi wopanda mano uja anayambitsa nyimbo. Sinali ya paulendo. Inali ija amaimba amayi kumalire a mudzi madzulo a ukwati, bambo wa mkwatibwi akamasambitsa mapazi a mkwati. Amayi onse anailandira, tizitsulo tinayamba kulira. Ndinadzutsa mutu. Mnyamata wamtali, makutu ali psuu, anagwira manja pamodzi nati, “Ndine Onkar, bambo.”

A Haribhau anadzambatuka, phazi limodzi likadali ndi mafuta. Anati izi si zoona, wansembe palibe, tsiku silinasankhidwe, ndiponso pano ndi pakhomo pa mowa. Mlongo wawo sanasiye kuomba m'manja.

“Madzi anali madzi, mapazi anali mapazi, wothira ndi bambo wa mwana. Taona tonse, ndipo tikuchokera kukachisi, sitinganame. Madzi akatayika saoleka, mlongo wanga.”

A Haribhau anati akufuna aone kaye za m'nyumba yamagalasi. Inali nthawi ya gulu la masana, ndipo Madamu anandikodola kuti ntchito siidikira. Ndinatenga kandowa. A Haribhau anaima panja pa galasi manja ali kumbuyo, akuona anthu akuzunguza, akununkhiza, akutupa masaya, ine n'kumafika. Nditatuluka anandifunsa ngati onsewo amalavula. Ndinati ambiri. Anafunsa ngati ndowa amawapatsa ndine. Ndinavomera. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulankhula mokweza kuti gulu lonse limve.

“Ine ndalalikira zidakwa za ku Sawargaon mpaka mawu kusasa, palibe analavulapo dontho. Awa akuwalavulitsa osatsegula pakamwa.”

Ndinawayang'ana m'maso. Munthu uja si wopusa, amake Manjiri, akudziwa bwino zimene anaona. Ankafuna khomo lotulukira, ndipo analipeza. Koma sanandisiye chomwecho. Anatsitsa mawu n'kufunsa kuti nanga tsiku la chithunzi ndowayo inali kuti. Ndinawauza zonse, za mkulu wa anyezi ndi manja ake awiri. Anati ulemu ndi wabwino, koma pakamwa panga palibe mlonda, ndiye andipatsa mlonda. Anapisa m'thumba lawo n'kutulutsa mikanda ya tulasi. Anati wovala imeneyi akapatsidwa tambula amangoloza m'khosi, mwini nyumba sakwiya. Koma ndilumbire pamaso pa onse kuti mowa ayi, nyama ayi, mpaka imfa.

Za mowa sindinadandaule, lilime langa silinaiwale wofiira uja. Koma atati nyama, ndinaona tonde wanga akudutsa pamaso panga, wonenepa, akunyezimira. Ndinamva fungo la msuzi wanu. Sindikubisirani, ndinazengereza, mpaka Gulab anatsokomola. Kenako ndinakumbuka zilembo zopindika zija, ndipo ndinaweramitsa mutu.

Atandiveka anawerama n'kugwira mapazi anga, ofiirira omwewa, monga amachitira anthu a mikanda, ine n'kugwira awo. Ananditcha asewere. Ndinalira, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Dengu la mphesa ananyamula, za kudya, zosaponda. Akuti abwera kumeneko mwezi ukaoneka kudzasankha tsiku.

Tsopano gulani nsaluzo. Chikwangwani chikhalapobe mpaka Malichi, koma Madamu akuti auza wopenta ajambulepo mikanda m'khosi. Ndawapempha asatero.

Za tonde. Wovala mikanda sagulitsa mbuzi kwa opha, ndipo mlongo wanu ndi wopha. Ndiye akhala pakhomopo mpaka ukalamba, mwina adzaperekeza ndi maliro anga omwe. Madeya muzimupatsabe, wapambana ndi iye.

Iwe Manjiri, tsegula makutu onse awiri. Mnyamata amene wayenda masabata awiri pa phula safika ndi mapazi otsuka kale ndi zikhadabo zowenga. Sadzisankhira yekha malo a kumapeto kwa benchi, ndipo azakhali ake sakhala ndi nyimbo ya ukwati kukhosi pochokera kukachisi. Za benchi ndi beseni, ndi zoti sindiyang'ana nkhope, ndinazilemba m'kalata imodzi yokha, ndipo inawerengedwa kuseri kwa khola. Sindikufunsa kanthu, ndangolemba. Uyambe kudya, mwana wanga. Ukamaliza kuwerenga ulowe m'kholamo, umuuze tondeyo kuti moyo wake waupeza kwa iwe.

Ndine wanu,
Sopan